Kuitana Mayina pa Luchenza

Foni inabwera yokulunga m'mpango,
galasi lake litaphwanyika ngati chigoba cha dzira,
Lachitatu lija chiperoni chinameza phiri
mpaka minibasi za ku Muloza kuyatsa nyali masanasana.

"Ndi ya malemu bambo," anatero Felesiya.
"Kukonza ayi, musavutike.
Ndingofuna kudziwa amene akukhala m'katimo."

Ndinaizindikira. Chaka chatha a Namuthuwa
anabwera nayo pakhonde lomwe lino, batire itatupa,
ndipo ine pomaliza ntchito
ndinaiwala kutseka kakhomo kakumbuyo kolowera amisiri.
Kuiwala nako kuli ndi tsiku lake.

Ndinalumikiza chingwe ku laputopu
n'kutsekula zenera lakuda lija,
lopanda chithunzi, lopanda maluwa,
kamzere kokha kakuphethira, kudikira kuti uyambe ndiwe.
Ndinalemba:

adb shell pm list packages

Mayina anatsika
monga atsikira otchola tiyi kupita kusikelo,
wina pambuyo pa mnzake, osapatsana moni,
mazana awiri ndi kanthu.

Ndinamuuza: zija mumaziona pagalasi n'zapamsewu,
mayina ocheza nawo, zovala za Lamulungu.
Kuno aliyense amavomera dzina la m'kaundula,
lalitali, la timadontho, loyambira kumbuyo:
mfunda poyamba, kenako mudzi, mwini wake pothera.
Awiri sangagawane limodzi.

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mano.
"Bambonso ku esiteti anali 4417.
Zaka makumi atatu, kapitawo sanalakwitsepo nambala,
koma dzina anachita kufunsa pamaliro."

Kenako anatulutsa chimene chinamubweretsa.
Miyezi yomaliza, akuti, mkuluyo ankadzuka usiku,
kukakhala kuseri kwa khola, zam'makutu zili tseke,
kunong'ona, kubwereza, kunong'onanso.
Mayi ake mpaka lero sanakhululuke.
Tsiku loika, m'malo molira,
ankawerenga nkhope za akazi achilendo.

Ndinawonjezera -3 kumapeto kwa lamulo
kuti obadwira m'foni momwemo akhale pansi,
aimirire okhawo amene mwini anachita kuwaitana.

Anatsala asanu ndi mmodzi.

Uyu ngwa ndalama, mukumudziwa.
Uyu wayilesi. Uyu Baibulo lochita kumvetsera.
Uyu bawo.
Uyu ngwa katapila, ndipo pamenepa ndinakhosomola,
iye n'kungoti, "Zimenezo tinalipira, pitirizani."

Wotsiriza sindinamudziwe.
Ndinaloza ndi chala, kuwerenga kadontho ndi kadontho,
ndipo kumchira kwa dzinalo kunali mawu awiri:
ana, zilembo.

Ndinafunsanso zenera lakuda kuti mlendoyu anafika liti.
Linayankha mosakometsa: Okutobala, pa 9,
nthawi itadutsa leveni koloko usiku.

Felesiya anawerenga miyezi pa zala.
Ndi nthawi imene Mphatso wake anayamba Sitandade 1
n'kubwera ndi kope kwa agogo ake aamuna
kuti amuthandize, iwo n'kunena kuti maso akuvuta.
Maso omwewo ankaona nsonga ya tiyi m'nkhungu.
Moyo wonse malipiro ankalandira ndi chala chachikulu,
inki ili bii mpaka Loweruka.

Panja wa kabaza ankakangana ndi munthu za chenje.
Mvula inali itayamba kulowa chammbali,
ndinakokera tebulo m'kati.

Makina osindikiza ndilibe.
Ndinakopera mayina onse asanu ndi limodzi
kuseri kwa lisiti, timadontho tonse m'malo mwake,
kuti akawaonetse mayi ake ku Thunga.
Anapinda kanayi n'kubisa m'mpango momwe muja.

Ali pamasitepe anatembenuka.
"Nanga anafika pa chilembo chanji?"

Ndinayang'ana kamzere kaja, kakuphethirabe.
Mndandanda umangodziwa amene alipo.
Zoti munthu anayenda mpaka pati
sulemba.